Mpata wa Galimoto Imodzi

1. Msewu umene unathawitsa tulo

Msewu wodutsa pakhomo pa makolo a Giya utathiridwa phula, anthu onse okhala m'mbali mwake anasangalala. Fumbi linatha, matope anatha, ndipo amayi anayamba kuyanika nsalu zoyera kutsogolo kwa nyumba mopanda mantha. Koma paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Msewuwo unali wowongoka bwino, wopanda dzenje ngakhale limodzi, ndipo posakhalitsa anyamata a mpikisano wa magalimoto anaununkhiza.

Ankabwera anthu atagona. Magalimoto awiri ankaima moyandikana kumtunda kwa msewu n'kumabangula mpaka magalasi a m'mazenera kunjenjemera. Akanyamuka, matayala ankalira mopweteka m'makutu, ekizozi n'kumaphulika ngati mfuti. Agalu ankauwa, makanda ankalira, ndipo akuluakulu ankalankhula mumdima mawu amene sitingawalembe m'buku la ana asukulu.

Apolisi akaimbiridwa foni ankabwera ndithu, koma anyamatawo anali ndi anzawo owaonera njira. Apolisiwo ankangopeza fungo la matayala opserera ndi mizere yakuda pa phula.

Mumsewu monsemo munali munthu mmodzi yekha amene sankadandaula, ndipo ameneyu anali Giya. Anali mnyamata wa ku sekondale, wamtali ndi wowonda. Dzina lakelo analitenga ali wamng'ono, chifukwa akatumidwa kugolosale sankayenda ngati ana ena. Ankayamba waliza injini pakamwa, n'kulowetsa giya ndi dzanja, ndipo pobwerera m'mbuyo ankayang'ana kaye pagalasi limene panalibe. Mwanayo anakula, koma matenda akewo sanachire.

Bambo ake anali dalaivala wa basi ya maulendo ataliatali, ndipo ankanyamuka kunja kusanayere. Tsiku lina, atakhala masiku angapo osagona bwino, anasinza pachiwongolero. Basi inasiya msewu n'kuyamba kudya udzu wa m'mbali. Okwera anakuwa, iwo n'kudzidzimuka, n'kuibweza. Palibe anavulala, koma nkhaniyo inafika kwa bwana wa kudepoti basi isanafike n'komwe. Bwanayo sanachulutse gaga m'diwa. Anati zikadzachitikanso, adzangosiya makiyi patebulo.

Kuyambira pamenepo makolowo anasamukira m'kachipinda ka Giya ka kumbuyo, kopanikiza, koyandikana ndi bafa, poti kumeneko phokoso linkafika litachepako. Giya anapatsidwa chipinda chachikulu cha kutsogolo.

"Pepa mwanawe, upirire," anatero amayi ake pomuyalira bedi. "Bambo ako akapanda kugona, tonse m'nyumba muno tili pamoto."

Mayiwa akanadziwa! Zinali ngati kusungitsa galu nyama. Usiku uliwonse Giya ankagwada pabedi, mphuno ili pazenera, ndipo pasanapite nthawi ankadziwa galimoto iliyonse pongomva kulira kwake.

2. Migolo ya a Telala

Anthu atatopa anasonkhana pakhonde la a Telala, bambo wachikulire amene ankasoka zovala pakatikati pa msewuwo. Aliyense anabwera ndi maso ofiira ndi nzeru yake. Wina anati akhomere misomali pathabwa n'kuliyala mumsewu. Wina anati amange waya kuchoka pamtengo wina kufika pa unzake. Mayi wa pagolosale anati iye miyala wasonkhanitsa kale, akungodikira tsiku.

A Telala anawasiya alankhule mpaka mpweya kuwathera. Kenaka anavula magalasi n'kuimirira.

"Anzanga, mkwiyo ndili nawo inenso," anatero. "Dzana ndasokera mkono wa malaya chadodolido chifukwa cha tulo, mwini wake anangotsala pang'ono kundiveka ineyo. Koma za misomali ndi mawayazo ayi. Amene akuyendetsa magalimotowo ndi ana a anthu, ali ndi amayi awo. Lero mutchera waya, mawa mudzuka mutapeza mtembo pakhomo panu. Pamenepo tulo mukutifunato simudzationanso mpaka kalekale. Komanso msomali sudziwa kusankha. Umene mwatchera wampikisano udzabaya ambulansi imene ikubwera kudzatenga mkazi wanu. Ife sitikufuna magazi a munthu. Tikufuna tulo basi."

"Ndiye tizingowaombera m'manja?" anafunsa mayi wa pagolosale.

"Ayi mayi. Tipeze migolo yakale, tithiremo mchenga theka, tiipake penti yoyera kuti izioneka patali. Madzulo tiziyiika mumsewu mokhotakhota, wina uku, wina uko. Woyenda pang'onopang'ono azidutsa bwinobwino, koma wothamanga asowa podzera. Nyumba iliyonse izikhala ndi usiku wake wolondera, ndipo mlonda azikhala ndi wezulo. Wina akangokhudza mgolo, mlonda alize, tonse tituluke. Mutu umodzi susenza denga. Koma ndikuchenjezeni: mpanda wathuwu mphamvu yake si mchenga ayi, ndi munthu amene wagwira wezuloyo. Iyeyo akagona kapena akagulidwa, migoloyo ndi zitini chabe."

Nzeru ya a Telala inagwira. Anyamata aja anabwera, anaona migolo, anaona mlonda ali khale pakhonde, analiza mahutala, anatukwana, n'kubwerera. Anayesanso usiku wina, zinali chimodzimodzi. Msewu unayambanso kugona. Maso a bambo a Giya anayera, ndipo anayambanso kuseka ndi kuseketsa ena pachakudya chamadzulo.

Giya yekha ndiye ankayenda ndi nkhope ya pamaliro. Zenera lake linali ngati wailesi yakanema magetsi atazima.

3. Kautsi

Usiku wa nyumba ya kwa Giya unagwera Lachisanu. Bambo ake sakanatha kulondera, chifukwa m'mawa mwake anali ndi ulendo wautali kuposa maulendo onse a sabatayo. Giya anadzipereka yekha, poti Loweruka kunalibe sukulu.

Masana a tsikulo, akuchokera kusukulu, anadutsa pamalo otsukira magalimoto. Pamenepo panaima galimoto yofiira, yaifupi, yotsala pang'ono kukhudza pansi. Giya anaidziwa nthawi yomweyo. Inali ya Kautsi, mtsogoleri wa anyamata a mpikisano, amene anapatsidwa dzinali chifukwa ponyamuka ankasiya utsi wa matayala wokhawokha. Mwini wakeyo anali atatsamira chitseko, akuzunguza makiyi pachala.

"Aise! Iwe si uja wa pazenera?"

Giya anaima. "Mumandiona, achimwene?"

"Ndani sangakuone? Mphuno yakoyo inatsala pang'ono kuboola galasi." Kautsi anaseka, n'kutsegula boneti. "Tabwera, uone chimene chimakusowetsa tulo."

Giya anayandikira ngati wolowa m'tchalitchi. Anayamba kutchula zipangizo za injini chimodzichimodzi, kuloza ichi, kufunsa icho. Kautsi ankangogwedeza mutu.

"Iwe ndiwe munthu wa galimoto, mphwanga. Magazi ake ndi amenewa. Nanga ukutani pakati pa madala a migolo aja?" Anatseka boneti n'kutsitsa mawu. "Wezulo ili kwa ndani lero?"

Giya anayang'ana nsapato zake. "Ili kwathu."

"Kwanu? Ndiye Mulungu ndi wabwino! Tamvera. Sindikupempha zambiri. Usunthe migolo ya pakati yokha, pakhale mpata wa galimoto imodzi. Ndibwera ndekha, popanda gulu. Ulendo umodzi wokha, kutsetsereka basi, iweyo uli pampando wa kutsogolo. Anthu asanatembenuke pabedi ife tamaliza, migolo yabwerera m'malo mwake. Ndani adziwe?"

"Ababa akuyenera kugona. Mawa ali ndi ulendo."

"Ndani wanena zowadzutsa? Ndiyenda ngati mphaka, aise. Kapena ukufuna udzakalambe ukuyendetsa galimoto ya pakamwa?"

Anyamata otsuka magalimoto anaseka. Giya sanavomere, koma sanakanenso.

"Ndiona," anatero.

Kautsi anamwetulira. Ankadziwa bwino kuti mnyamata akati ndiona, chitseko wangochitseka koma sanachikhome.

4. Mawu a bambo

Atatha kudya madzulo, bambo a Giya anatenga wezulo imene inabwera kuchokera kunyumba yoyandikana nayo, n'kuiika patebulo. Amayi ankachotsa mbale mokwiya pang'ono.

"Bambo a Giya, mwanayu ndi wamng'ono. Bwanji ndilondere ineyo?"

"Wamng'ono amene akundiposa msinkhu? Msiyeni aphunzire kusenza katundu wa pakhomo." Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo. "Khala pansi, Giya, ndikuuze mawu.

"Ndikudziwa kuti mtima wako uli pa magalimoto, ndipo sindikukuletsa. Inenso ndinali choncho. Nthawi yake ikakwana ndidzakuphunzitsa ndekha kuyendetsa, masana, anthu akuona. Koma mvetsera bwino. Anthu amaganiza kuti mdani wa dalaivala ndi mvula, kapena chitunda, kapena mabuleki. Ayi. Mvula umaiona ikubwera. Mabuleki amayamba akuchenjeza. Koma tulo sitichenjeza munthu. Umakhala maso ali tong'o, manja ali pachiwongolero, msewu ukuuona bwinobwino, kenaka umangomva anthu akukuwa. Sudziwa pamene wachokera, sudziwa kumene unapita.

"Tsiku lija ndinatsegula zenera kuti mphepo izindimenya. Ndinatafuna chingamu mpaka nsagwada kuwawa. Ndinaimba nyimbo, ndinadzitsina pantchafu. Zonsezo tulo tinangoziseka. Ndipo kumbuyo kwanga kumakhala ndani? Amayi a makanda, ana asukulu ngati iwe, nkhalamba zopita kuchipatala. Onsewo amagona m'basi mwanga mopanda mantha, chifukwa amakhulupirira kuti ineyo ndinagona kunyumba. Ndiye usiku uno usaganize kuti ukulondera migolo. Ukulondera tulo tanga, ntchito yanga, ndi moyo wa anthu amene sunawaonepo.

"Chinanso. Anyamata aja akakusekerera usaone ngati wapeza abale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Udzifunse wekha: n'chifukwa chiyani sachitira mpikisano wawowo pakhomo pa makolo awo? Kwawo amafuna bata. Akatopa amakagona mpaka masana, ife tili kuntchito tikupepesuka. Munthu amene sasamala za khanda limene likulira chifukwa cha iye, sangasamale za iwe. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

"Wamva ndi makutu kapena ndi mtima?"

"Ndi mtima, ababa."

Bambowo anamukoleka wezulo m'khosi, n'kumusisita paphewa, n'kupita kukagona. Amayi anamupatsa jekete la bambo ake ndi tiyi wa m'fulasiki. Anamuuza kuti akamva kuzizira kwambiri agogode pazenera la kukhitchini.

5. Mpata

Giya anayika migolo m'malo mwake mothandizidwa ndi anyamata a nyumba yoyang'anana nayo. Iwo atapita, anakhala pampando pakhonde. Sanakhalitse. Anaimirira, anayenda mpaka pageti, anabwerera, anathira tiyi, anaiwala kumwa.

Magetsi a m'nyumba anayamba kuzima, ino kenaka iyo. Omaliza anali a Telala, amene anasuzumira pakhomo asanatseke.

"Uli maso, mlonda?"

"Ndili maso, agogo!"

"Chabwino. Tonse tagona m'manja mwako."

Msewu unangoti zii. Giya anayamba kuganiza kuti mwina Kautsi ankangocheza, ndipo sanadziwe ngati akondwe kapena akhumudwe. Ali m'kati moganiza choncho anaona chinthu chakuda chikutsetsereka kuchokera kumtunda, chopanda nyali, chopanda phokoso. Chinaima pafupi ndi mgolo woyamba.

Giya anagwira wezulo. Anainyamula mpaka pachibwano. Kautsi anangotambasula dzanja n'kutsegula chitseko cha mbali ya wokwera. M'katimo timagetsi tobiriwira ndi tofiira tinkawala pafupi ndi chiwongolero, ndipo mpando wa kutsogolo unali wopanda munthu.

Mnyamatayo anayang'ana nyumba ya kwawo. Munali mdima ndi bata. Analowetsa wezulo m'kati mwa malaya, n'kutuluka pageti.

Migoloyo inali yolemera, koma ukaipendeketsa inkagubuduka. Anasuntha ya pakati yokha, monga anagwirizana, mpaka panaoneka njira yowongoka kuchoka kumtunda kufika kumunsi. Kenaka analowa m'galimoto n'kumanga lamba.

"Gwiritsa, mphwanga," anatero Kautsi.

Mphaka uja anabangula ngati mkango. Msana wa Giya unakanirira kumpando, m'mimba munachita ngati mwatsala kumbuyo. Mageti, mitengo ndi migolo yoyera zinkangoti phethi, phethi, m'mbali. Anamva wina akukuwa mokondwera, ndipo anadabwa kuzindikira kuti anali iye mwini. Tisaname, chiyambire kubadwa Giya anali asanakondwepo chotero.

Chimwemwecho chinathera kumunsi kwa msewu. Kautsi atazungulitsa galimoto, Giya anaona kumtunda kuli nyali zambirimbiri, zina zikubwerabe. Anyamata anali atatsika kale m'magalimoto awo, akugubuduzira migolo yotsala ija m'ngalande.

"Achimwene! Munati mubwera nokha!"

"Ndabwera ndekha, aise. Iwowa abwera okha."

"Ndiimitsireni, nditsike!"

"Pakati pa mpikisano? Ukufuna akuponde?"

Magalimoto anayamba kutsika awiriawiri. Anali ndi njala ya masiku onse amene anatsekeredwa, ndipo phokoso la usiku umenewo linaposa la masiku onse a m'mbuyo. Magetsi anayamba kuyaka m'nyumba. Agalu anauwa. Kwinakwake khanda linalira mosatonthozeka.

Giya anatulutsa wezulo n'kuiika pakamwa. Kautsi anamuyang'ana cham'mbali n'kuseka.

"Liza, mphwanga. Atuluke onse, akupeze wamanga lamba m'galimoto mwanga. Ukawauze kuti migolo ija yayenda yokha."

Giya anaitsitsa wezulo ija osailiza. Kautsi anapondanso moto, ndipo anakwera ndi kutsika msewuwo mobwerezabwereza, mnyamatayo ali m'katimo, tsopano akulira.

6. Tochi

Anthu m'nyumba ankadikira kulira kwa wezulo, ndipo itapanda kulira anachita mantha. Aliyense anaganiza chinthu chimodzi: mlonda amuchita chipongwe.

Woyamba kutuluka anali bambo a Giya. Anatuluka opanda nsapato, atavala kabudula ndi vesiti, tochi ili m'manja. Pakhonde anapeza mpando wopanda munthu ndi kapu ya tiyi wozizira.

"Giya! Giya mwana wanga!"

Anathamanga m'mbali mwa msewu, magalimoto akuwadutsa pafupi kwambiri. Anaunika m'ngalande, kuseri kwa migolo yogwa, pansi pa mitengo. Amayi anali pageti, manja ali kumutu, akuitana dzina lomwelo. A Telala anatuluka, mayi wa pagolosale anatuluka, amuna a nyumba zonse anatuluka, ndipo onse anayamba kufunafuna mwanayo. Wina anaimbira apolisi.

Anyamata a mpikisano ataona khamulo anayamba kuthawa. Kautsi anaima mwadzidzidzi chapakati pa msewu, n'kutsegula chitseko.

"Tsika, aise. Ulendo wako wathera pano."

Giya anatsika. Galimoto yofiira inanyamuka n'kumusiya mu utsi. Utsiwo utachepa, kuwala kwa tochi kunamumenya kumaso, kenaka kunatsikira pachifuwa, pamene wezulo inkalendewera.

Bambo ake anamuyang'ana nthawi yaitali. Anamugwira mutu, mapewa, manja, kuti aone ngati wavulala.

"Anakukakamiza?"

Giya akanatha kunama, ndipo anthu onse akanamukhulupirira. Koma ataona mapazi a bambo ake ali magazi chifukwa cha miyala ya m'ngalande, bodza linamukanika.

"Ayi, ababa. Ndinasuntha ndekha."

Anthu anang'ung'udza. Mayi wa pagolosale anaomba m'manja kamodzi. "Ife kufunafuna mtembo m'ngalande, mwini wake ali pampando wa kutsogolo! Nyumba imeneyi yatigulitsa!"

"Zokamba tikamba kukacha," anatero a Telala. "Tiyeni tibweze migolo."

Bambo a Giya sanamumenye mwana wawo, ndipo sanamukalipire. Zikanakhala bwino akanatero. Anangoloza mgolo umene unali m'ngalande n'kunena kuti, "Gwira uko." Anautulutsa awiriwo, n'kupita pa wina. Apolisi anafika, anafunsa mafunso awo, n'kupita. Anthu anabwerera m'nyumba mmodzimmodzi.

Kenaka bambowo anavula wezulo m'khosi mwa Giya, anaikoleka m'khosi mwawo, n'kukhala pampando uja wa pakhonde.

"Ababa, kagoneni. Ndilondera. Ndikulumbira, sindisunthanso pano."

"Ndikagone pokhulupirira ndani?" anafunsa mofatsa. "Usiku uno ndi wa nyumba yathu. Tawachititsa kale anthu manyazi, sindingawasiyenso opanda mlonda. Anyamata aja akudziwa tsopano kuti pakhomo pano pali chitseko chofewa. Lowa m'nyumba."

Amayi anachonderera kuti alondere iwo, koma bambowo anakana. Anati ngakhale atapita pabedi, mtima ukugunda chotero tulo sitingabwere. Giya analowa m'chipinda chake cha kutsogolo. Anagwada pabedi monga mwa masiku onse, koma ulendo uno pazenera ankangoona msana wa bambo ake.

Kunja kusanayere, kondakitala wa basi ya bambo a Giya anagogoda pageti, poti ankapitira limodzi kudepoti. Anali mnyamata wansangala, koma atawaona nkhope anasiya kuseka.

"Madala, maso amenewa ndi oyendera ulendo wa lero?"

Amayi anagwira mkono wa amuna awo. "Bambo a Giya, musapite. Imbani foni, nenani kuti mwadwala."

"Loweruka, basi itadzaza kale, dalaivala wina palibe? Ndikapanda kupita ndiye kuti makiyi ndawasiya ndekha patebulo. Tidya chiyani? Mwanayu aphunzira ndi chiyani?" Anasamba kumaso ndi madzi ozizira, anamwa tiyi wakuda ataimirira, n'kuvala yunifolomu. Nsapato anavala movutikira chifukwa cha mabala aja.

Giya anaima pakhomo. "Ababa, pepani."

"Ndamva," anatero bambowo. "Tidzakambirana ndikabwera." Anatembenukira kwa kondakitala. "Lero usakhale kumbuyo. Ukhale pafupi nane, uzindilankhulitsa njira yonse."

7. Pakhonde la a Telala

Dzuwa litakwera, anthu anasonkhananso pakhonde la a Telala. Anamuimika Giya pakati pawo, amayi ake atakhala pambali, nkhope ili pansi. Aliyense anali ndi mlandu wake. Wina mwana wake anachezera kulira. Wina amayi ake odwala mtima anakomoka ndi mantha. Ena ankati nzeru ya migolo yalephera, abwerere ku misomali.

A Telala anakweza dzanja.

"Migolo sinalephere. Olephera ndife, amene tinaika katundu wa akulu pamutu pa mwana osayang'ana kumene maso ake amaloza. Koma iwe Giya, usaganize kuti ndikukuchotsera mlandu. Tamvera, mwana wanga. Munthu woipa sabwera kudzakupempha chinthu chachikulu ayi. Akanakuuza kuti gulitsa msewu wonse, ukanakana. Anakupempha kampata kakang'ono, ka galimoto imodzi, kamodzi kokha. Onse amayamba choncho. Mowa umayamba ndi kulawa, kuba kumayamba ndi kubwereka. Ukatsegula kampatako, amene alowepo sudzawasankha ndiwe, ndipo potseka sudzatseka wekha. Taona usiku wathawu: wokwera galimoto ndiwe, koma wochezera pampando ndi bambo ako. Ukonze bwanji zimenezi? Tiuze ndi pakamwa pako."

Giya anakweza mutu n'kuyankha. Anati apakanso penti migolo yonse imene yakalika. Anati azigubuduza yekha madzulo ndi m'mawa mpaka anthu atamukhululukira. Anati dzina la mwini galimoto yofiira akulidziwa, ndi malo amene amatsukitsa, ndipo ali wokonzeka kukanena kupolisi.

"Pamenepo wayamba kulankhula ngati munthu," anatero a Telala. "Koma wezulo sudzaigwiranso mpaka..."

Sanamalize. Galimoto yachilendo inali itaima kutsogolo kwa nyumba ya kwa Giya. Munatsika munthu amene anagogoda pageti, ndipo ataona kuti palibe woyankha anatembenuka n'kuona khamu lija. Anayamba kubwera akutsimphina.

Anali kondakitala uja. Pa nthawi imeneyo ankayenera kukhala kutali kwambiri, pakati pa ulendo. Malaya ake a yunifolomu anali ong'ambika paphewa, thalauza lili matope okhaokha, ndipo dzanja lake lamanzere linali lokulungidwa ndi bandeji.

Amayi a Giya anaimirira pang'onopang'ono, atagwira mzati.

"Ndinawalankhulitsa, amayi," anatero kondakitalayo. "Njira yonse ndinawalankhulitsa. Ndinangotembenuka pang'ono kuti ndithandize mayi wina wa khanda, basi n'kusiya msewu."

"Okwera?" anafunsa a Telala.

"Okwera onse ali moyo. Ena avulala, koma ali moyo."

Giya anadutsa pakati pa anthu mpaka anaima pamaso pake.

"Nanga ababa?"

Kondakitala anayang'ana a Telala. A Telala anayang'ana pansi. Kenaka kondakitalayo anagwira Giya padzanja ndi dzanja lake labwino lija.

"Tenga amayi ako, tiye. Akhala akutchula dzina lako, ndipo adokotala akuti tisachedwe."